Ndinaphunzitsa Matayima Kuimira Maliro

Amene anandipezera ntchito yanga yoyamba ndi alamu anga a Jofesi, opalasa kabaza pa Bangula. Nthawi imeneyo ndinali nditangobwerako ku Blantyre kumene ndinakaphunzira za makompyuta, ndipo satifiketi yanga inali m'sutikesi kunsi kwa bedi, mphemvu zikuiwerenga. M'mawa ndinkathandiza mayi ndi bambo kudimba. Masana ndinkakhala pansi pa mtengo wa nimu ndi laputopu yothyoka chivundikiro imene msuweni wanga anandisiyira. Mu laputopumo munali gemu yakale ya midzi ndi asilikali, ndipo gemuyo inabwera ndi pulogalamu yoti munthu upangire mapu akoako. Pulogalamuyo timaitcha edita. Ena ankakonda kusewera. Ine mtima wanga unagwera pa editayo, moti mayi ankati ndalodzedwa.

Tsiku lina alamu anaimika njinga pamaso panga, thukuta lili kamukamu.

“Alamu, a Zuze aja agula makompyuta asanu ndi atatu akale amene ankagulitsa ku esiteti. Atsegula malo a magemu pafupi ndi msika. Akufuna munthu wodziwa zimene mumachita pansi pa nimuzi. Kasambeni, ndikuperekezani.”

A Zuze anali bambo wamfupi, kalaliki wakale wa ku esiteti ya nzimbe, ndipo kathawulo sikankachoka paphewa pawo. Holo yawo inali nyumba ya komiti ya msika, ya chitseko chachikulu choyang'ana kumsewu. Anandilonjera m'Chisena, nandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

“Ndiwe Malita, mwana wa a Sandalamu? Tamvera. Mapu amene anabwera ndi gemuyi ndi a mapiri oyera ndi nyumba za mafumu a kunja. Anthu anga sadziwa zimenezo. Ine ndikufuna Shire. Ndikufuna munthu akhale pampando apa, aone dimba lake likumira, alire. Ungathe?”

Ndinati ndingathe. Kunena zoona sindinkadziwa ngati ndingathe, koma kudimba kunali kutanditopetsa.

Kwa amene simunagwirepo edita, ntchito yake ili patatu. Choyamba umajambula dziko: mtsinje apa, dambo apa, mtunda apo. Kenako umaika zinthu, monga anthu, nyumba ndi nyama. Chachitatu ndiye ntchito yeniyeni, kulemba malamulo, amene timati sikiripiti. Lamulo lililonse limanena kuti chakuti chikachitika, chita chakuti. Ndipo pakati pa malamulowo pali kachida kena kotchedwa tayima. Tayima ndi wotchi yowerenga chobwerera m'mbuyo. Umaipatsa masekondi, iyo imatsika mpaka pa ziro, ikafika imadzutsa lamulo limene unaimangirira.

Mapu anga ndinawatcha Madzi Abwera. Wosewera aliyense anali ndi mudzi wake kumtunda ndi madimba ake kutsidya kwa mtsinje. Akadzala chimanga, chinkacha pakatha masekondi makumi asanu ndi anayi. Chikacha, anali ndi mphindi imodzi yoti akolole, apo ayi mbalame zimalize. Akakolola ankapakira mu mwadiya, ngalawa yosema ija, ndipo mwadiya unkatenga masekondi makumi anayi kuti uwoloke. Mvuu inkatuluka mphindi zisanu zilizonse kudzadya dimba la munthu. Pakatha theka la ola madzi osefukira ankabwera n'kumiza zonse, ndipo wopambana anali amene wafikitsa matumba ambiri kumtunda. Chilichonse mwa zimenezi ndinachipatsa tayima yakeyake. Dimba lililonse tayima, mwadiya uliwonse tayima. Anthu asanu ndi atatu, aliyense madimba mpaka makumi atatu, ndiye kuti gemu ikafika pakati, mawotchi oposa mazana awiri ankathamanga nthawi imodzi. Ndinkanyadira nambala imeneyo. Ndinkaiuza aliyense, ngakhale amene sanafunse.

Anthu anawakonda mapuwo, abale inu. A kabaza, ogwira ntchito ku esiteti, ogulitsa ng'ombe, onse ankabwera. Munthu wamkulu ndi ndevu zake ankakuwa kuti, “Mvuu iyi ikundida ine ndekha!” Awiri ndiwo anali akatswiri. Aphunzitsi a Phiri ankasewera mwakachetechete ngati akuchonga mayeso. A Dausi, mnzawo wa alamu anga pa kabaza, ankasewera ndi thupi lonse, kapusi yofiira ili chammbali, pakamwa posatseka.

Vuto linachokera kumsewu. Msewu wa pakhomo pa holoyo ndi umene maliro amadutsa, kaya akuchokera kuchipatala kupita kumidzi ya kwa Mbenje, kaya akupita kumanda. Kwathu maliro akamadutsa palibe amakhala pansi. Wa njinga amatsika, wa wailesi amazimitsa, amuna amavula zipewa, aliyense amaimirira mpaka bokosi lidutse. Koma munthu amene chimanga chake chatsala masekondi khumi kuti mbalame zidye, umuuze kuti aimirire? Gemuyo inali ndi batani lake loimitsira, koma wosewera wina aliyense ankatha kulidinanso gemu n'kupitirira. Ndiye mmodzi akaimitsa, wina wadyera ankayambitsanso, amene aimirira aja n'kupeza minda yawo yatha. Mapeto ake onse anasiya kuimirira.

Tsiku lina bokosi linadutsa chitseko chili chotsegula, masipika akulira ngati mvuu, a Dausi akukuwa kuti, “Ndakumaliza lero!” Ine ndinaimirira, koma manyazi anandigwira mpaka ndinalakalaka pansi patang'ambika.

M'mawa mwake kunabwera mayi Nyathando, wapampando wa komiti ya msika, amene ankagulitsa nsomba zouma za makakana. Sanakalipe ayi. Anakana ngakhale mpando.

“A Zuze, ife sitikana masewera. Koma bokosi likadzadutsanso pano anthu anu ali khale pamipando, makiyi a nyumba ino mudzabweze ku komiti. Ndanena kamodzi.”

Atachoka, a Zuze anapukuta nkhope ndi kathawulo kaja.

“Wamva wekha, Malita. Holo ikatsekedwa, ine ndi iwe tonse tikubwerera kudimba. Anthuwa saimirira chifukwa akuopa kuluza. Konza zoti munthu aimirire osaluza kanthu.”

Ndinati zimenezo n'zosavuta. Pakamwa pangapa pamandipweteketsa.

Laputopu yanga inali pa kauntala, yolumikizidwa ndi makompyuta onse, ngati woonerera gemu. Ndinalemba lamulo loti ndikalemba mawu akuti “maliro” pa laputopuyo, anthu ndi nyama zonse za m'mapu ziume pamene zili, masikirini ade, masipika akhale chete, ndipo mabatani a osewera asagwire ntchito. Ndikalemba “tiyeni” zonse zibwerere. Ndinakumbukiranso kuimitsa tayima ya madzi osefukira ndi tayima ya mvuu, chifukwa ziwirizo ndinazipatsa mayina ndipo ndinkaziona pamndandanda wanga. Ndinayesa ndekha kwa masekondi khumi, zonse zinayenda. Ndinauza a Zuze kuti ntchito yatha, agone tulo.

Patapita masiku anayi maliro anadutsa. Ndinalemba mawu aja, masikirini anada bii, anthu onse anaimirira. Mtima wanga unali mbee. Maliro atapita ndinalemba “tiyeni.” Holo yonse inaphulika.

Madimba onse anali mapesi okhaokha. Matayima a madimba sanali pamndandanda wanga, chifukwa ankabadwa m'kati mwa gemu, munthu akadzala, ndipo analibe mayina. Ine ndinaimitsa anthu koma mawotchi awo ndinawasiya akuthamanga mumdima. Chimanga chinacha, mphindi yokolola inadutsa, mbalame zinadya, eni ake ali chiimire zipewa m'manja. A Dausi anali ndi madimba makumi awiri ndi asanu ndi atatu. Onse anapita.

Anamenya thebulo mpaka kiyibodi inadumpha.

“Mwationa ngati ana eti? Ulendo wina sindidzuka pampando pano. Nkhabe, ayi ndithu! Kaya bokosilo ndi la ndani.”

Ine sindichedwa kupsa mtima. Ndinawayankha kuti ngati zawavuta apite akasewere bawo. A Zuze anandikokera kuseri kwa kauntala.

“Tseka pakamwa. Wolakwa ndiwe. Munthuyo anakukhulupirira, anaimirira, wamudyetsera mbalame munda wake. Pakatha masabata awiri tili ndi mpikisano, mbuzi ya mphoto ndagula kale. Anthu adzadzaza muno mpaka kunja. Ukonze.”

Mawu amenewo anandibaya, chifukwa anali oona.

Ndinayamba kufika m'mamawa holo isanatsegulidwe, dzuwa lisanayambe kuwotcha malata. Njira yoyamba imene ndinayesa inali yolembera tayima iliyonse pamndandanda ikangobadwa, kuti pa “maliro” lamulo liziyenda pamndandandawo n'kumaimitsa imodziimodzi, pa “tiyeni” n'kumaziyambitsanso. Papepala zinkaoneka zanzeru. Nditayesa, ndinaona malodza. Matayima amene anatha kale ntchito anali adakali pamndandanda, ndiye “tiyeni” ankawadzutsa nawonso. Dimba lokololedwa kale linabalanso chimanga. Dimba limene mvuu inadya linameranso lokha. Mwadiya umodzi unatsitsa matumba kawiri. Ndikatseka bowo ili, lina linkatseguka uko. Komanso makompyuta akale aja ankatsimphina, chifukwa kuimitsa mawotchi mazana awiri nthawi imodzi kunali kuwasenzetsa katundu woposa msinkhu wawo. Sabata yathunthu inatha choncho. Tsiku lina ndinalira misozi yeniyeni, ya ukali, ndili ndekha m'holomo.

Loweruka la sabata imeneyo mayi anandituma kuchigayo. Ndinapita ndikung'ung'udza. Nditangoika ndowa yanga pamzere, magetsi anazima. Amayi anasiya ndowa ndi matumba awo pamzere pomwepo n'kukakhala pamthunzi, wina kuyamwitsa mwana, ena kucheza. Palibe anadandaula kuti malo ake apita. Magetsi atayaka, injini inalira, ndowa ya kutsogolo inalowa, mzere unasuntha monga unalili. Ndinangoti kakasi kuyang'ana ndowazo. Panalibe ndowa imene inali ndi injini yakeyake. Injini inali imodzi, ikaima zonse zaima. Ine m'mapu anga ndinagulira ndowa iliyonse injini yake, kenako ndikudabwa kuti zikundivuta kuzimitsa. Ufa uja ndinatsala pang'ono kuuiwala pachigayo pomwepo.

Lolemba ndinachita chinthu chimene chinandiwawa ngati kuzula dzino. Ndinafufuta matayima onse amene ndinkanyadira aja, n'kutsala ndi imodzi yokha. Imeneyo ndinaiika kuti izigunda kanayi pa sekondi, osatha. Ikagunda, inkawonjezera imodzi pa nambala ina imene ndinaitcha nthawi ya mudzi. China chilichonse choyembekezera nthawi chinasanduka mzere wolembedwa pamndandanda umodzi. Mzere uliwonse unali ndi zinthu zinayi: chidzachitike liti, n'chiyani, n'cha yani, ndiponso ngati chidakali chamoyo.

Mwachitsanzo, munthu akadzala pamene nthawi ya mudzi ili pa 1000, masekondi makumi asanu ndi anayi ndi kugunda 360, ndiye ndinkalemba kuti dimba lakuti lidzacha pa 1360. Mzerewo unkalowa pamalo ake, choyandikira kwambiri kukhala pamwamba. Wotchi ikagunda sinkayang'ana mizere yonse ayi, inkangoyang'ana wa pamwamba. Ngati nthawi yake yakwana, inkachita zimene walamula, n'kuuchotsa, n'kuyang'ana wotsatira. Mizere iwiri ikafanana nthawi, wolembedwa poyamba ndiwo unkayamba, kuti pasakhale mkangano. Mvuu ikadya dimba, mzere wa dimbalo ndinkauika chizindikiro choti wafa, ndipo nthawi yake ikafika wotchi inkangoutaya. Manambala amene osewera ankaona pa sikirini sanali mawotchi enieni. Anali masamu ochotsera basi, nthawi yolembedwa pamzere kuchotsapo nthawi ya mudzi.

Ndiye “maliro” anasanduka chinthu chaching'ono kwambiri: usawonjezere. Nthawi ya mudzi ikaima, palibe dimba, mwadiya, mvuu kapena madzi zimene zikanasuntha, chifukwa panalibenso china chowerenga nthawi. Ndinawonjezera zinthu ziwiri. Masikirini akada, manambala aja azioneka ndithu, kuti munthu aziona ndi maso ake kuti sakuyenda. Ndipo pa “tiyeni” sikirini iziwerenga kaye mpaka kasanu, anthu abweze manja pamalo.

Ulendo uno sindinayese masekondi khumi. Ndinaitana a Zuze ndi aphunzitsi a Phiri, tinadzala madimba ambirimbiri, ndinaimitsa, tinalemba manambala onse papepala, n'kupita kukadya. Titabwerako patatha ola, aphunzitsi anachonga imodziimodzi ndi cholembera chofiira. Panalibe inasuntha. Tinayesa kangapo masiku otsatira, mpaka kuimitsa pamene mvuu yatsegula kukamwa. Makompyuta nawo anasiya kutsimphina. Koma a Dausi anakana kudzaona. Anauza alamu anga kuti anaonapo kale zanga, ndipo mawu awo sanasinthe.

Tsiku la mpikisano kunatentha monga kumatenthera kwathu mvula isanagwe. Mbuzi inamangidwa pamtengo panja, ikulira tsiku lonse ngati ikudziwa. Anthu anadzaza m'holo, ena pamawindo, ena pakhomo. Mafani awiri ankangozunguza mpweya wotentha. Masana ndithu tinafika pa gemu yomaliza, ya anthu asanu ndi atatu amene anapambana m'magulu. Chakumapeto zinaonekeratu kuti mbuzi ili pakati pa anthu awiri. Aphunzitsi a Phiri anali patsogolo ndi matumba anayi. A Dausi anali ndi mwadiya umodzi pamadzi, wonyamula matumba asanu ndi limodzi. Ukafika madzi asanasefukire, mbuzi ndi yawo. Anthu anayamba kuwerenga mokweza limodzi ndi sikirini.

Ine ndinali pa kauntala, moyang'ana kumsewu. Chifukwa cha phokoso palibe anamva nyimbo. Ndinangoona lole ikukhota pakona pang'onopang'ono, nthambi zamasamba zitasomekedwa kutsogolo, amayi akuyenda pambuyo pake. Ndipo woyamba kumbuyo kwa loleyo, atagwiriziridwa ndi amayi awiri, anali mayi Nyathando. Tinamva pambuyo pake kuti achimwene awo anamwalira m'mawa womwewo kuchipatala, kumene mayiwo anakhala masiku atatu akudwazika.

Ndinayang'ana sikirini. Madzi anatsala masekondi khumi ndi awiri, mwadiya khumi. Maganizo anandibwerera oti ndingozisiya, si masekondi ochepa okha? Koma ndinkadziwa chimene chimachitika gemu ikatha. Masipika akanaliza ng'oma, ndipo anthu onsewo akanakuwa ndi kuimba malikhweru bokosi lili pakhomo penipeni. Holo ikanathera pomwepo. Ndipo ngati ndiimitsa koma a Dausi n'kukana kudzuka, kapena manambala aja n'kusuntha, mapeto ake anali omwewo. Polemba ndinalakwitsa chilembo, n'kufufuta, n'kulembanso. Ndinadina.

Masikirini onse anada. Masipika anati zii. Pamenepo nyimbo ya maliro inalowa m'holomo, aliyense anaimva. Mipando inakhuluka, anthu anaimirira, zipewa zinatsika. Aphunzitsi anaimirira. Osewera ena asanu ndi mmodzi anaimirira. A Dausi anatsala pampando, dzanja lili pa mawusi, kapusi ili kumutu, maso ali pa sikirini. Pamdimapo pankaoneka manambala awiri. Madzi, 5. Mwadiya, 3.

A Zuze anayamba kusuntha kuti akawagwire, koma ine ndinafika msanga. Sindinakalipe, ngakhale kuti mtima unkafuna. Ndinawerama n'kulankhula chapansipansi.

“A Dausi, imirirani. Masekondi anu atatu ndawasunga.”

“Munanenanso choncho tsiku lija.”

“Tsiku lija ndinalakwa ndine. Pepani. Taonani nambalayo. Ikasuntha, ntchito ndisiya lero lomwe.”

Anaiyang'ana. Ndikuganiza kuti ankawerenga chamumtima, chifukwa milomo inkagwedezeka. Nambala inali 3. Lole inali itafika pa windo loyamba. Anachotsa dzanja pa mawusi pang'onopang'ono ngati likumata, anakankha mpando, anaimirira, navula kapusi yofiira ija.

Loleyo sinangodutsa. Inaima pakhomo pathu penipeni, chifukwa amayi a mumsika anatuluka onse kudzalandira mnzawo, akulira. Tinaima pamenepo mwina mphindi makumi awiri, thukuta likutsika m'miyendo. Ngakhale mbuzi ija inakhala chete. Ndinaona mayi Nyathando akutembenuza mutu. Anayang'ana m'holomo, anthu ali chiimire, masikirini ali bii kumbuyo kwawo. Anayang'ana kanthawi ndithu, kenako anabweza nkhope ku bokosi la m'bale wawo. A Dausi ankati akayang'ana kumsewu, diso lina n'kubwerera pa sikirini. Ine sindinkayang'ana sikirini. Ndinkaopa.

Lole itanyamuka, a Zuze anadikira mpaka nyimbo inamvekera kutali. Kenako anati, “Khalani pansi. Ndipo wopambana apambane mwaulemu, anthu akulira uko. Malita.”

Ndinayang'ana tsopano. Madzi 5, mwadiya 3. Ndinalemba “tiyeni.” Sikirini inawerenga kasanu, kuwala kunabwerera. Atatu. Awiri. Imodzi. Mwadiya unagunda gombe, matumba asanu ndi limodzi anatsika, dzina la a Dausi linakwera pamwamba pa la aphunzitsi. Patapita masekondi awiri madzi anabwera n'kumiza chigwa chonse.

Ha! Chimwemwe chimene ndinamva sindinachimvepo. Ndinkafuna kulumpha, kululuta, kuthamanga mpaka ku Shire. Koma ndinangogwira kauntala ndi manja awiri, misozi ili mbwembwembwe. Anthu anawomba m'manja mofatsa. Aphunzitsi a Phiri anagwira a Dausi chanza. Ndipo a Dausi anayang'ananso dzina lawo pa sikirini. Kenako anabwera pa kauntala, kapusi idakali m'manja, nandithokoza m'Chisena.

“Takhuta, achemwali. Analidi atatu.”

“Nanga ndikanawadya?” ndinatero, chifukwa pakamwa panga sipaphunzira. Anaseka mpaka kutsokomola. Mbuzi anaimangirira pa kaliyala ya kabaza, anapita nayo ikulira msewu wonse.

Mayi Nyathando anabwerera kumsika patatha masabata awiri, ali ndi duku lakuda. Anaima pakhomo pa holo, a Zuze n'kuthamangira kukawapepesa maliro. Mayiwo anandiyang'ana ine.

“Ndiwe unazimitsa zija?”

“Eya, mayi.”

“Ndinaona.” Anatembenukira kwa a Zuze. “Makiyi sungani.”

Basi, anapita kukayala makakana awo. A Zuze anakhala pansi, napukuta nkhope kawiri, nati, “Mwana wa a Sandalamu, mawa uyambe mapu ena. Ndikufuna a ng'ombe.”

Ndinagwira kwa a Zuze zaka ziwiri ndisanapeze ntchito ina ku Blantyre. Mpaka lero ndikapatsidwa ntchito ya zinthu zambiri zoyembekezera nthawi, ndimayamba ndi wotchi imodzi ndi mndandanda umodzi. Ndipo ndisanalembe lamulo loyamba ndimafunsa kaye kuti, anthu amene adzagwiritse ntchito chinthuchi, n'chiyani chimene chidzawaimiritse pakati? Akadzaimirira, adzataya chiyani? Ku sukulu ya makompyuta palibe anandiphunzitsa funso limenelo. Ndinaliphunzira pa madimba makumi awiri ndi asanu ndi atatu a munthu amene anandikhulupirira. Ndipo sindiyesanso chinthu masekondi khumi n'kuuza bwana kuti agone tulo.

Bambo anga a Sandalamu atamwalira, ndinabwera kumudzi. Popita kumanda tinadutsa msewu womwe uja. Ine ndinali pambuyo pa bokosi, nditagwira mayi, ndipo sindinkaganiza za magemu ngakhale pang'ono. Titafika pa msika ndinangodzutsa mutu mwachizolowezi. Chitseko cha holo chinali chotsegula. Amuna asanu ndi atatu anali chiimire, zipewa m'manja, masikirini ali bii kumbuyo kwawo, timanambala tikuoneka pamdimapo. Kutsogolo kwa onse kunali a Dausi.

Alamu anga anandiuza pambuyo pake kuti a Zuze anali atatuluka nthawi imeneyo, pa kauntala panalibe munthu. A Dausi atamva nyimbo anasiya gemu ali patsogolo, analumpha kauntala, nalemba okha mawu aja ndi chala chimodzi pa laputopu ija, imene ndinasiyira a Zuze.